Tsiku Limene Ndinayankha M'malo mwa Amayi

Amayi anga ankagwira ntchito ku nazale ya mitengo ya paini pamwamba pa Phiri la Zomba. Ankathira dothi m'timachubu takuda, kuthirira mbande ndi kuzula udzu, ndipo manja awo ankanunkhira utomoni chaka chonse. Bambo atamwalira tinawapempha kuti atsike adzakhale nafe ku Zakazaka, kumene ine ndi amuna anga tinkakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri, koma anakana. Ankati m'tauni mumatentha ndipo madzi ake amanunkha mankhwala. Choncho kawiri pa mwezi, tsiku Loweruka, ndinkabereka mwana n'kukwera phiri kudzera njira ya anthu otola nkhuni kukawaona.

Matipate anali atangoyamba kumene. M'minibasi anthu ankakamba mokweza zinthu zimene kale ankanong'onezana atayang'ana uku ndi uku, ndipo aliyense ankati pakamwa patseguka tsopano. Ine ndinali mphunzitsi wa ku pulayimale, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinkadziona ngati munthu wotsogola.

Loweruka lina ndinawapeza akuphika nyemba m'kakhitchini kawo ka matabwa. Zitapsa anandiitana.

"Tabwera undithirire mchere m'ndiwomu."

Ndinathira osaganiza kanthu. Ndikubweza chitini cha mchere pamalo pake ndi pamene mutu unagwira. Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amatuma wina. Koma amayi anali atasiya kusamba kalekale, ine ndisanakwatiwe n'komwe.

"Amayi, mcherewu bwanji?"

Anaseka akutakasa nyemba zija. "Utsikana wandibwerera. Kaya Mulungu akufuna kukupatsa mng'ono wako wina."

Nanenso ndinaseka. Tinadya, ndinawatsukira mbale, dzuwa litapendeka ndinatsika phiri.

Miyezi inapita. Ulendo uliwonse ndinkawapeza atachepako. M'manja mwawo munayera, ndipo akafuna kudzuka pa mphasa ankayamba agwira msana. Kuseri kwa nyumba, pa tchire la mabulosi, ndinkaona tinsalu tochapa titayanikidwa, chitenje chakale chitaphimba pamwamba. Panalinso fungo lina limene linayamba kukhala m'chipinda mwawo, limene utsi wa nkhuni sunkatha kulibisa. Sitinkakamba za zimenezi. Ndinkawafunsa kuti mwadzuka bwanji, iwo n'kunena kuti msana, basi.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwauza kuti Lolemba tipita kuchipatala. Sanakane. Anatsika pa lole ya matabwa atavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi, ine n'kukawachingamira kumsika. Tinakhala pa benchi ya kachipatala kena m'tauni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu. Titayandikira chitseko anandikodola.

"Ukalowe nane. Iwe ndiwe wasukulu, ukanene ndiwe. Chinyanja changachi amachiseka."

Makolo awo anachokera ku Mozambique, ndipo amayi akamalankhula ankasakaniza ndi Chilomwe, makamaka akachita mantha. Ndinawauza kuti asadandaule, ndikanena zonse.

Titalowa ndinapeza kuti wotiona anali mwamuna wa msinkhu wanga, ndipo ndinkamudziwa. Mwana wake wamkazi anali m'kalasi mwanga. Anaimirira n'kundipatsa moni wa manja awiri, "Aphunzitsi, mwatipeza." Chitseko chinali chosatsekeka bwino, moti anthu a pa benchi ankatiyang'ana pa mpata, ena akudandaula kuti nthawi yatha. Iye anakhala pansi, natenga cholembera, nayang'ana ine.

"Agogowa chavuta n'chiyani?"

Mawu ndinali nawo. Ndinali nditawakonza njira yonse. Koma pamene ndimati nditsegule pakamwa, ndinaona kuti ndiyenera kutchula za kumaliseche kwa mayi wondibereka pamaso pa bambo wa mwana wa m'kalasi mwanga, anthu akumvetsera panja.

"Msana," ndinatero. "Ndi chizungulire."

Anawatsitsa chikope cha m'munsi ndi chala, nayang'ana m'manja. "Magazi achepa. Azidya masamba ndi chiwindi." Analemba. Kenaka, ndipo apa ndiyenera kunena chilungamo, anakweza mutu n'kufunsa, "Palinso china?"

Ndinayang'ana amayi. Iwo ankayang'ana zala za kumapazi kwawo.

"Ayi, n'zomwezo."

Panja amayi anamanga mapilitsi amene tinalandira pa ngodya ya chitenje. Anangoti, "Mnyamata waulemu ameneyu." Ndinawaperekeza kukakwera lole, ndipo njira yonse tinkakamba za mbande zimene zinapsa ndi chisanu.

Patatha miyezi isanu ndi itatu anagwa ali pa ntchito ku nazale. Anzawo anawanyamula mpaka kumsewu. Kuchipatala chachikulu nesi wina wachikulire atawayeza anatuluka n'kundikokera pambali. Sanandikalipire. Anangofunsa motsitsa mawu, "Mwana wanga, munali kuti nthawi yonseyi?" Inali khansa ya khomo la chiberekero, ndipo inali itafalikira. Anatipatsa mankhwala oletsa ululu n'kutiuza kuti tikawasamalire kunyumba.

Anamwalirira kwathu ku Zakazaka mvula itatha. Miyezi itatu yomalizayo ndinkawasambitsa ndekha, kuwatembenuza, kuchapa zofunda kawiri pa tsiku. Thupi lonse limene ndinachita nalo manyazi kulitchula ndinaliona, ndinaligwira, ndinalipukuta. Ululu ukakula ankabuula m'Chilomwe chokhachokha, chimene ine ndimangomva mawu apa ndi apo. Za tsiku la pa benchi lija sanazitchule ngakhale kamodzi. Ndinkadikira kuti azitchule, andifunse, anditukwane kumene, koma ankangothokoza ndikawapatsa madzi. Sindinauze munthu aliyense, ngakhale amuna anga.

Zaka pafupifupi makumi awiri zinadutsa. Ana anakula, tinamanga nyumba yathu komweko ku Zakazaka, ine ndikuphunzitsabe. Ndinkaganiza kuti nkhaniyo inagona.

Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu thupi linayamba kundisinthira. Poyamba kunali kutentha. Ndili pa bolodi ndikulemba, moto unkayambira pachifuwa n'kukwera m'khosi mpaka m'mutu, thukuta n'kumatsika mumsana ngati wina wandithira madzi. Kenaka mwezi unasokonekera. Unkatha miyezi iwiri osabwera, ukabwera n'kubwera ngati mtsinje wosefukira. Tsiku lina m'kalasi ya Sitandade 6 ndinakhala pampando kuti ndichonge makope, ndipo pofuna kuimirira ndinamva kuti zavuta. Ndinakhala pomwepo mpaka belu loweruka. Ana ankabwera ndi makope awo patebulo, ine n'kumawachonga ndikumwetulira, miyendo nditaipanikiza. Onse atatuluka ndinavula juzi n'kumanga m'chiuno, mpando ndinautsuka ndekha ndi madzi a m'ndowa yosambira m'manja.

Ndinayambanso kuiwala. Dzina la mwana amene ndakhala naye chaka chonse linkandithawa ali chiimire patsogolo panga. Ndinkapsa mtima ndi zinthu zopanda pake, supuni kugwa, wailesi kukwera. Koma choopsa kuposa zonse chinali fungo. Ndinayamba kulimva pa ine ndekha, fungo lija la m'chipinda cha amayi. Ndinkasamba katatu pa tsiku. Ndinafunsa mwana wanga wamkazi ngati akumva kanthu ndikadutsa, iye anati akumva sopo. Sindinamukhulupirire.

Pabwalo la sukulu yathu phiri limaoneka lonse. Nthawi yopuma aphunzitsi anzanga akamamwa tiyi, ine ndinkaima pakhonde kuyang'ana kumtunda, kumene mitengo yambiri inali itadulidwa n'kutsala zigamba zofiira. Ndine Mkhristu, ndimaimba m'gulu la amayi kutchalitchi, koma mumtima ndinali nditatsimikiza chinthu chimodzi: matenda a amayi andipeza, ndipo andipeza chifukwa cha zimene ndinachita. Ndinaona kuti n'zoyenera. Kuchipatala sindinafune kupitako. Ndinkati munthu amene anatsekera mayi ake pakamwa akatsegule bwanji pake?

Ndinayamba kukonzeka mwakachetechete. Zitenje zanga zabwino ndinazigawa kwa ana ndi azilamu, n'kumati zandikwana. Ndinasamuka pabedi n'kumagona pa mphasa, chifukwa ndinkadzuka zofunda zitanyowa ndi thukuta ndipo sindinkafuna kuti amuna anga amve fungo lija. Atandifunsa ndinati matiresi akundipweteketsa msana. Anangoti, "Chabwino, mayi," osafunsanso.

Amuna anga anali kalaliki ku ofesi ina ya boma, munthu wosalankhulalankhula, ndipo anali ndi matenda a shuga. Mwezi uliwonse ankapita kukayezetsa. Tsiku lina anabwera n'kunena kuti kwabwera dokotala watsopano, wamkazi, amene amamutchula kuti dokotala wa banja, ndipo wati ulendo wotsatira abwere ndi amene amawaphikira.

"Anthu akudandaula kuti amachedwetsa mzere," anatero. "Amafunsa zambiri. Anandifunsa mpaka za amene ndimadya naye masana."

Tinapita mu Juni, tsiku la chiperoni. Phiri silinkaoneka n'komwe, nkhungu inatsika mpaka pa madenga. Pa benchi aliyense anali atadzikuta, ena zipewa zaubweya. Adokotalawo anali mayi wochepa thupi, wamng'ono kwa ine ndi zaka mwina khumi, ndipo Chichewa chawo chinali ndi kamvekedwe kakumpoto. Anatseka chitseko okha. Anandifunsa mmene ndimaphikira, tiyi timathira shuga wochuluka bwanji, ufa timadya woyera kapena mgaiwa. Ndili mkati moyankha, moto uja unayamba. Ndinatenga kabuku ka kuchipatala ka amuna anga patebulo n'kuyamba kudzikupiza.

Adokotala anandiona. Anamaliza ndi amuna anga, nawalembera mankhwala, kenaka anati, "Bambo, kafoleni pawindo la mankhwala. Mayiwa ndibwerekeni pang'ono."

Amuna anga atatuluka, adokotala anakoka mpando wawo kuuchotsa kuseri kwa tebulo n'kukhala pafupi nane.

"Kutenthaku kunayamba liti, mayi?"

"Ine ndili bwino, adokotala. Ndangoperekeza."

"Chabwino. Lachinayi masana kuno kumakhala anthu ochepa. Mukafuna mudzabwere. Simufunika kubwera ndi munthu."

Lachinayi limenelo sindinapite. Lotsatira ndinafika mpaka pageti n'kubwerera, ndinakagula tomato amene sindinkamufuna. Sabata yachitatu magazi anabweranso, masiku khumi ndi limodzi osaleka, mpaka ndinachita chizungulire ndikutunga madzi pampopi. Lachinayi ndinapempha ahedi kuti ndiweruke msanga.

Adokotala anandikumbukira. Anatseka chitseko, nakhala pampando uja wapafupi. Ndinafotokoza za kutentha, za mwezi wosokonekera, za kuiwala. Ankamvetsera osandidula, n'kumafunsa apa ndi apo: masiku angati, ndimasintha kangati, ndimagona bwanji, kunyumba zikuyenda bwanji. Nditamaliza ndinkayembekeza kuti atenga cholembera. M'malo mwake anafunsa funso limene palibe wachipatala anandifunsapo chibadwire.

"Inuyo mukuganiza kuti n'chiyani?"

Ndinayang'ana khoma. Panali chithunzi cha mayi woyamwitsa, m'mbali mwake chitayamba kumatuka.

"Ndi matenda a amayi anga," ndinatero.

"Tandiuzani za amayi anu."

Ndinayamba ndi mchere. Sindikudziwa kuti ndinalankhula nthawi yaitali bwanji. Ndinanena za tinsalu pa tchire la mabulosi, za benchi, za bambo wa mwana wa m'kalasi mwanga, za chitseko chosatsekeka. Ndinanena mawu anga enieni aja, ayi n'zomwezo. Ndinalira moti nesi anagogoda n'kusuzumira, adokotala n'kumukweza dzanja kuti adikire. Sanalembe kalikonse nthawi yonseyo. Anandipatsa kapepala kopukutira misozi, kenaka kena.

Nditakhala bata anati, "Mwasenza katundu ameneyu nokha zaka zonsezi?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ndikufuna ndikuyezeni, mukalola. Ndikuuzani chilichonse ndisanachite, ndipo mukati ndisiye ndisiya. Mukufuna nesi akhalepo, kapena tikhale awiri?"

Ndinati tikhale awiri. Anandionetsa kachitsulo koyezera ndisanagone, nakatenthetsa m'manja mwawo. Anati apaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo ngati pali malo odwala ayera. Ndinagona ndikuyang'ana denga, ndikuwerenga mabanga a mvula. Ndinawafunsa ngati akumva fungo.

"Ndikumva viniga," anatero. "Palibe fungo la matenda pano, mayi. Ndikanakuuzani."

Khomo linali bwino. Koma anati pogwira pamimba amva kuti chiberekero chakula, choncho ndikajambulitse sikani, ndiponso atenga kanyama kakang'ono ka mkati kuti kakayezedwe. Sanandiuze kuti palibe vuto. Anati, "Zimene ndaona lero sizikundiopsa. Zimene sindinaone ndikufuna ndizione kaye, ndisanakulonjezeni kanthu."

Zotsatira zinatenga masabata angapo. Masiku amenewo ndinkaphunzitsa, kuphika, kupita ku kwaya, koma ngati ndikuonera munthu wina akuchita zimenezo. Mmawa wina ndikusesa pabwalo ndinamva bwinobwino mawu a amayi akundiitana dzina langa laubwana kuchokera kukhitchini. Ndinayankha. Ndinalowa ndi tsache m'manja, ndinapeza ketulo yokha ikuwira.

Tsiku lotenga zotsatira adokotala anang'amba pepala n'kujambula chiberekero, mkati mwake timipira titatu. Anati ndi zotupa zimene amayi ambiri amakhala nazo, si khansa, ndipo ndi zimene zikuchulukitsa magazi. Kanyama kaja kanapezeka kabwino. Kutentha, kuiwala, kupsa mtima ndi kusagona, anati thupi likukonzekera kusiya kusamba, ndipo kwa ena ulendowu umatenga zaka. Magazi m'thupi anali atachepa kwambiri, n'chifukwa chake chizungulire.

"Ndiponso matenda a amayi anu si akumtundu," anawonjezera. "Sachoka kwa mayi kupita kwa mwana. Muzidzayezetsabe nthawi yake ikakwana, monga mayi wina aliyense."

Ndinkayembekeza kuti ndisangalala, koma chimene ndinamva chinali ngati munthu amene wafika pabwalo la milandu atakonzeka kumangidwa n'kuuzidwa kuti woweruza sanabwere.

Anandiyalira njira ziwiri. Ndikhoza kumwa mankhwala ochepetsa kutaya magazi ndi ena owonjezera magazi, n'kudikira, chifukwa zotupazi nthawi zambiri zimafota munthu akasiya kusamba. Kapena akhoza kundilembera kalata kuti akandichite opaleshoni yochotsa chiberekero. Ananena ubwino ndi kuipa kwa njira iliyonse.

"Inuyo mukufuna chiyani?"

"Chichoke," ndinayankha msangamsanga. "Achichotse chonse."

"Zitheka. Koma tandiuzani, mukufuna chichoke chifukwa cha magazi, kapena chifukwa cha amayi?"

Anati ndiyambe mankhwala, ndibwere pakatha mwezi, ndipo ngati ndidzakhale ndikufunabe opaleshoni adzalemba kalatayo tsiku lomwelo popanda kundinyengerera. Ndinanyamuka, ndinafika pachitseko, ndinabwerera n'kukhalanso pansi.

"Adokotala, ndikananena tsiku lija, akanachira?"

Ndinaona kuti akusankha mawu.

"Sindikudziwa, ndipo sindikufuna kukunamizani. Mmene mwafotokozera, matendawo ayenera kuti anali atapita kale patali, ndipo masiku amenewo chithandizo chake chinali chosowa. Mwina sizikanasintha kanthu. Mwinanso akanakhalako nthawi ina. Palibe amene angakuuzeni motsimikiza. Chimene ndikudziwa n'chakuti funso lija linayenera kufunsidwa kwa iwo eni, chitseko chili chotseka. Imeneyo inali ntchito yathu ife, osati ya mwana wawo."

Ndakhala ndikuwatembenuza mawu amenewa kwa zaka. Masiku ena amandipepuza. Masiku ena ndimangomva mbali ija yakuti mwinanso akanakhalako.

Asanandilole kupita anafunsa ngati amuna anga akudziwa chilichonse. Ndinati ayi. Anafunsa ngati ndingakonde kuti tiwauzire limodzi, ndipo anati ndinene ine zimene ndikufuna kuti zinenedwe ndi zimene zisanenedwe. Ndinati za thupi anene, za amayi ndidzanena ndekha.

Tsiku la shuga la amuna anga litafika tinalowa tonse. Adokotala anatulutsanso pepala la timipira lija nafotokoza. Amuna anga anamvetsera chipewa chili pa bondo, akuchizunguza ndi zala. Atamaliza anafunsidwa ngati ali ndi funso. Anatsokomola.

"Ndiye kuti si kachilombo?"

Ndinawayang'ana. Iwo ankayang'ana adokotala.

"Ndinaona akuonda, thukuta, asamuka pabedi, akugawa zovala. Ndinati akayezetsa, awapeza nako, ndipo akuganiza kuti ndawapatsa ndine. Ndinapita kukayezetsa kawiri, kwina kutali kuti asandione anthu. Sanandipeze nako. Ndiye ndinasowa kuti ndiwafunse bwanji, chifukwa kufunsako kukanakhala ngati ndikuwanena iwo."

Chaka chathunthu tinkadya m'mbale imodzi, aliyense ali ndi maliro ake mumtima. Adokotala anatiyeza tonse awiri tsiku lomwelo kuti nkhaniyo ithe, ndipo inathadi. Pobwerera tinayenda wapansi kudutsa kumsika. Pafupi ndi mlatho amuna anga anaima nati, "Mayi, mukanangonena." Ndinati, "Inunso mukanangofunsa." Anagula nthochi, tinadya tikuyenda ngati ana asukulu. Za amayi ndinawauza patapita masabata awiri, tikupalira kadimba kathu kuseri kwa nyumba. Anaimika khasu n'kumvetsera mpaka kumapeto. Sananene kuti simunalakwe, sananenenso kuti munalakwa. Anati, "Ndinkadabwa kuti n'chifukwa chiyani simunkalola munthu wina kuwachapira."

Mwezi utatha sindinapemphe kalata ija. Mankhwala anagwira ntchito, magazi anachepa, mphamvu zinabwerera pang'onopang'ono. Kutentha kunakhala nane zaka zinayi. Ndinaphunzira kuvala zopepuka mkati mwa juzi, kukhala ndi botolo la madzi patebulo, ndipo ana a m'kalasi anazolowera kuti aphunzitsi amatsegula mawindo ngakhale mu Julayi. Ndinkapita kwa adokotala aja miyezi itatu iliyonse. Ankayamba ndi kufunsa kuti chikundivuta kwambiri n'chiyani panopa, ndipo nthawi zina yankho silinkakhala la thupi ayi. Mwezi utasiyiratu anandiuza kuti ndiwerenge miyezi khumi ndi iwiri, ndipo ikakwana, magazi akadzaonekanso ngakhale kadontho, ndisadzadikire Lachinayi. Analemba zimenezo m'kabuku kanga m'Chichewa, ndi zilembo zazikulu. Chaka chotsatira anawasamutsira kuchipatala china kutali. Ndinamva atapita kale.

Ndili ndi mng'ono wanga mmodzi, amene anakwatiwa ku Malosa. Nthawi imene amayi ankadwala iye anali ndi pakati potopa, ndiye zambiri sanazione. Chaka chatha ndinapita kukamuona nthawi yokolola. Tikutong'ola chimanga pakhonde anandiuza moseka kuti ukalamba ndi wabodza, iye anasiya kusamba zaka zitatu zapitazo koma mwezi wathawu anaonanso pang'ono.

Chitsononkho chinagwa m'manja mwanga. Ndinamuuza zonse, mosabisa mawu, kutchula chilichonse ndi dzina lake. Ndinamuuza za viniga, kuti sizipweteka, kuti sizitenga nthawi, kuti mwina si kanthu koma ayenera kuonedwa sabata yomweyo. Ndinati ndimuperekeza, ndikakhala panja, akalowa yekha.

"Achemwali, inu mumaopa zilizonse," anatero. "Kanali kadontho chabe. Ndipita tikamaliza kukolola."

Anakolola. Kenaka kunali chinkhoswe cha mwana wake. Kenaka mvula inayamba, anati adzale kaye. Ndinapitako kawiri ndi cholinga chomutenga. Ulendo woyamba ndinapeza wapita kumaliro kutsidya la mtsinje, wachiwiri anandiphikira nkhuku n'kundiuza kuti zinasiya zokha. Sindikudziwa ngati n'zoona.

Ndimamuimbira foni Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Timakamba za mvula, za zidzukulu, za mbuzi zake zimene zimalowa m'munda wa eni. Ndikangoti, "Nanga kuchipatala kuja?" amayamba kukuwa kuti halo, halo, achemwali simukumveka, netiweki yavuta. Ndimamva nkhuku zake zikulira bwinobwino kumbuyoko. Kenaka foni imaduka.

Lamulungu likubwerali sindiimba. Ndauza kale amuna anga kuti Lolemba m'mawa ndikwera minibasi yoyamba, ndipo ndanyamula zovala za sabata yathunthu.